Inde Wanga wa ku Holandi

Ikani mafoniwo pansi, ana inu. Iwe Tadala, ndamva kuti akusankha kuti upite kunja ukaphunzire zamalamulo, ndipo chiyambire dzulo ukuyenda ngati dothi la ku Area 25 likukuotcha mapazi. Zabwino zonse, mdzukulu wanga. Koma usaganize kuti ndiwe woyamba pabanja pano kukwera ndege chifukwa cha malamulo. Ine agogo ako ndinapitako, ndipo ulendo umenewo unatsala pang'ono kundithetsera banja ndi kundilanda ana. Agogo anu aamunawo musawayang'ane, akunamizira kugona. Nkhaniyi akuidziwa bwino, poti theka lake ndi lawo.

Nthawi imeneyo ndinali majisitileti wamng'ono pa kabwalo kena ka milandu mutauni muno. Musaganize za majaji aja ovala mawigi. Ine milandu yanga inali ya mbuzi yodya chimanga cha eni ku Chinsapo, alendi othawa usiku ndi makiyi, azimayi otukwanana pa mpopi. Tinalibe makompyuta. Tinali ndi makina otaipira amodzi, akale kuposa ine, ndipo ukafuna makope atatu unkaika kaboni pakati n'kumenya zilembo ngati ukukonola mphale. Kope lachitatu linkatuluka lotuwa moti woluza mlandu ankatha kunena kuti iye wapambana.

Tsiku lina abwana anandiitana. Anati kuli sukulu ya chilimwe ku Holandi, yophunzitsa malamulo a pakati pa mayiko komanso kuyerekeza malamulo a mitundu yosiyanasiyana, ndipo olipira ulendowo akufuna mzimayi. Ndikufuna mudziwe kuti ndinali wanzeru, koma sindikunamizani kuti anandisankha chifukwa cha nzeru. Azimayi tinalipo awiri, ndipo mnzangayo anali woyembekezera.

Kunyumba nkhaniyi inalandiridwa mitundu iwiri. Agogo anu a Gondwe, omwe nthawi imeneyo ankaphunzitsa masamu ndipo anali kale mkulu wa mpingo, anangoti, "Pitani, mayi a Wongani, ana ndiwasamala." Anthu amenewa chiyambire kale mawu amawatulutsa ngati akugula. Koma kunali mlamu wanga, mlongo wawo wa a Gondwe, aNyagondwe a ku Kawale ogulitsa kaunjika. Mulungu awasunge kumene aliko, anali mayi wolimbikira, koma pakamwa pawo panalibe chitseko. Anabwera Loweruka, nakhala pa mkeka, nayamba.

"Achimwene, mkazi akakwera ndege sabwereranso pa mbaula. Ine ndaona. Wa ku Biwi uja anapita kukaphunzira za unamwino, pano akuti ali ndi mzungu wa ndevu."

Ine ndinayankha kuti ndevu a Gondwe nawo akhoza kusunga. Sanaseke.

Ana anga nthawi imeneyo anali awiri. Wongani, bambo ako iwe Tadala, anali sitandade yachinayi ndipo ntchito yake inali kung'amba makabudula. Tiwonge, mayi ako iwe Lusungu, anali asanayambe n'komwe sukulu, ankayenda ndi chala kukamwa. Mukawaona lero akuyendetsa magalimoto musamanjenjemere, ine ndinawapukuta mamina onsewo.

Tsono mawu oti chilimwe aja anandipusitsa. Ine chilimwe ndinkachidziwa, cha Okutobala, chomwe phula limasungunuka pamsewu ndipo agalu amagona lilime panja. Ndinasoketsa madiresi opepuka kwa telala wa pamsika, ndinawasita ndi ayironi ya makala, juzi ndinaisiya dala pa mpando. Kukatsika ndege, ana inu, mphepo yake inali ngati ya ku Dedza mu Juni, kamvula kakuwaza, azungu ali mu makabudula akuti kunja kwatentha. Ndinafunda zitenje ziwiri mpaka ndinaoneka ngati ndikupita ku maliro. Dzuwa nalo kumeneko n'losamva, limakana kulowa. Ndinkadikira mdima kuti ndidye chakudya chamadzulo, m'mimba mukulira, kunja kudakali mbee. Ndinaganiza za nkhuku zanga kuno, kuti zikanakhala kumeneko zikanafa ndi tulo.

Anthu onse kumeneko amayenda pa njinga, ndi nkhalamba zomwe. Anandipatsa nanenso njinga. Ine njinga ndimaidziwa ya kukwezedwa kumbuyo, miyendo mbali imodzi, ngati mayi waulemu wake. Ndinaikankha ndi manja tsiku lililonse popita kukalasi ndi pobwera, kuopa kuti angati ndanyoza mphatso.

Maphunzirowo ndiye anali okoma, sindikana. Tinasonkhana anthu a mitundu yambiri, ndipo pulofesa wathu anali mayi wamtali ngati mlongoti, tsitsi loyera, wokonda kufunsa aliyense kuti kwanu zimakhala bwanji. Tsiku lina anafunsa kuti banja likatha ana amakhala a ndani. Wa ku Igupto ananena zake, wa ku Falansa zake. Atafika pa ine ndinati kwathu, ukasiya za m'mabuku, zimatengera basi yomwe wakwera. Ukakwera ya ku Dowa, kwathu, ana ndi a kuchikazi, mwini wake ndi malume. Ukakwera ya ku Rumphi, kwawo kwa amuna anga, kumene amapereka lobola, ana ndi a kuchimuna. Pulofesa maso anawala. Anandifunsa kuti nanga wa ku Dowa akakwatirana ndi wa ku Rumphi, pamagwira lamulo liti? Ine ndinadzitama kuti m'nyumba mwanga funso limenelo silidzafunsidwa. Pakamwa, ana inu, pamafunika kupasamala.

Vuto langa linayambira kuchipinda chodyera. Mvetserani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Iwe Lusungu, ndikakufunsa kuti, "Sunasambe?" iwe usanasambedi, umayankha kuti chiyani? Umati inde. Inde, sindinasambe. Ndipo pita ukasambe tikamaliza, ndikukumva fungo ndili pano. Ife kuno timayankha munthu. Inde wathu amatanthauza kuti mwanena zoona. Koma azungu sayankha munthu, amayankha chinthucho. Ukawafunsa kuti, "Simunasambe?" iwo asanasambe, amati no. Yesi wawo amatanthauza kuti chinthucho chachitika, kaya iwe wafunsa chakutsogolo kaya chakumbuyo.

Ine zimenezi ndinkazidziwa pang'ono kuchokera kusukulu, koma kuno Chingerezi timayankhula ndi Amalawi anzathu, ndipo timamvana. Kumeneko ndinkafika ndi mbale yanga pamzere, mayi wogawa chakudya n'kundifunsa m'Chingerezi kuti, "Simukufuna tchizi?" Ine mwaulemu wonse, "Yesi." Basi, chibanthu cha tchizi m'mbale. Mawa lake, "Simudya nsomba yaiwisi?" Ine, "Yesi," ndikugwedeza mutu kuti amve bwino. Nsomba yaiwisi m'mbale, ndi anyezi pamwamba. Ndinkaganiza kuti mayiyo ali ndi nkhanza kapena ndi wogontha. Iye ankauza anzake kuti mayi wa ku Malawi uja amakonda zakudya zathu kuposa ife eni ake.

Zenizeni zinachitika m'kalasi. Anatigawa m'magulu kuti tiyeserere mlandu wa mayiko awiri opeka, la Kumtunda ndi la Kumunsi, olimbirana mtsinje. Ine anandiika kukhala nduna ya dziko la Kumtunda, ndipo wondithandiza anali loya wa ku Polandi, bambo wofiira msanga akakwiya. Tinawerenga mabuku mpaka maso kuwawa. Ine ndinazikonda, chifukwa zinali ngati milandu yanga ya pa mpopi, kungoti otukwananawo anali ndi mbendera. Tsiku la mlandu ndinayankhula bwino moti ndinadzimva ndekha kuti lero Dowa wamveka. Pomaliza pulofesa, atakhala ngati woweruza, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Amayi Gondwe, ndiye simuvomera kuti mtsinje wonsewu ukhale wa anzanu a Kumunsi?"

"Yesi!" ndinatero, mwamphamvu, ndikumenya tebulo.

Pulofesa anafunsanso pang'onopang'ono, "Simuvomera?"

"Yesi, madamu!"

A Kumunsi anaimirira n'kuyamba kukumbatirana. Wa ku Polandi anafiira mpaka makutu, nagwira mutu, nayamba kuyankhula chinenero cha kwawo, ndipo ndikhulupirira kuti sanali mapemphero. Ine ndinali ndapereka mtsinje wonse, ndi nsomba zake, ndi madamu ake a magetsi, kwa adani, ndikumenya tebulo.

Yemwe anazindikira anali mtsikana wina wa ku Japani, wofatsa, wosayankhulayankhula. Anaseka mpaka misozi, kenako anauza kalasi kuti kwawonso amayankha ngati ife. Pulofesa anasangalala kwambiri, anati ili ndiye phunziro lenileni la kuyerekeza, nalilemba pa bolodi. Aliyense anasangalala kupatula ine. Manyazi ndinali nawo, ana inu. Majisitileti wathunthu, mayi wa ana awiri, kusanduka chitsanzo cha pa bolodi.

Mukundidziwa, sindikonda kusekedwa kawiri. Ndinalumbira kuti yesi wa azunguyu ndimugwira pakhosi. Ndinapangana ndi mtsikana wa ku Japani uja kuti tizifunsana mafunso okhotakhota kulikonse. "Sukuzizidwa?" "Sunatope?" "Sukuwasowa ana ako?" Ndikalakwitsa ankanditsina, akalakwitsa ndinkamutsina. Ndinkayeserera posamba, ndinkayeserera pokankha njinga ija. Mutu ndinautembenuza ngati m'mene umatembenuzira sokosi, mpaka tsiku lina mayi wa tchizi anafunsa funso lake lija, ine ndinati no, mbale inadutsa yoyera. Pamayeso omaliza ndinayankha mafunso onse molongosoka, wa ku Polandi anandigwira chanza. Ndinanyada zedi. Ndinaiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Tsono kuyankhulana ndi kunyumba masiku amenewo sikunali ngati inu, amene mumaimbirana kuchokera kuchipinda kupita kukhitchini. M'nyumba muno munalibe foni. Pamsika panali bulo ya telefoni, kachipinda ka malata, momwe munkakhala mayi wina ndi foni imodzi ya chingwe ndi wotchi. Tinkapangana kuti Loweruka masana a Gondwe akadikire pamenepo, ine n'kuimba ndi khadi logula m'sitolo. Mawu ankachedwa panjira. Ukati moni, unkayamba wamva moni wako yemwe akubwerera, kenako wa mnzako. Ndipo mayi wa pabuloyo ankanamizira kuluka, koma pofika madzulo nkhani yako inali itafika ku Mgona.

Maulendo oyamba ndinkangosimba zabwino. Kuno magetsi sazima, madzi satha pa mpopi, pulofesa akuti nditha kudzaphunzira digiri yonse. Ndinkasimba ngati mwana woona tauni koyamba, osadziwa kuti mawu aliwonse aNyagondwe akuwatola n'kukawathira mchere.

Loweruka lomaliza ndinaimba khadi litatsala pang'ono kutha. Sindinkadziwa kuti mlamu wanga waima pambali pa mchimwene wake, khutu ataligunditsa pa foni. Ndinamva mawu a a Gondwe ali olemera.

"Mayi a Wongani, kuno anthu akuyankhula zambiri. Ndikufuna ndimve kwa inu. Kodi kuno simubwera?"

Ine mutu wanga watsopano uja unagwira ntchito yake mwachangu. Kubwera ndibwera, ndiye yankho ndi yesi. Ndinangolimasulira.

"Inde!"

Panadutsa kanthawi, mawu akuyenda pansi pa nyanja. Kenako, "Mwati simubwera?"

"Eee, inde! Inde, bambo a Wongani!" Ndipo ndinaseka, chifukwa ndinali wokondwa kuti ndatsala pang'ono kuwaona.

Foni inati tii. Khadi latha. Ndinaika foni pansi mtima uli mbee, ndinapita kukagula mphatso. A Gondwe ndinawagulira tayi, ana nsapato, ndipo aNyagondwe, tamverani, ndinawagulira sikafu yokongola kuposa zonse.

Masiku amenewo munthu akamabwera kunja, banja lonse linkapita ku bwalo la ndege ku Lumbadzi, ena kubwereka lole, kukaima pakhonde la pamwamba n'kumakweza manja kwa aliyense wotsika. Ine ndinatsika nditavala diresi langa labwino, ndinayang'ana pakhonde, ndinakwezanso dzanja pang'ono kuti anthu asaone kuti ndilibe wondichingamira. Panalibe wanga ndi mmodzi yemwe. Ndinadziuza kuti mwina asokoneza tsiku, ndinapeza galimoto ya hayala.

Nditatsika pageti pano, mayi Phiri oyandikana nafe anali akuchapa. Ataniona anagwetsa sopo m'dothi.

"Aa! Mayi a Wongani! Mwabwera? Akuthamangitsani azungu aja?"

M'nyumba munali zii. Pabalaza ndinapeza zikwama ziwiri zazikulu za mizeremizere, zija mumazitcha ukwati watha, zitafufuma ndi zovala zanga, mpaka juzi ndinaisiya ija. Ndinathamangira kuchipinda kwa ana. Mabedi anali opanda zofunda, nsapato za Tiwonge panalibe. Apa sindikuseka, ana inu. Ndinakhala pansi pa simenti. Ndaweruza milandu yambiri ya mabanja, ndaona azimayi akulira ana awo ine ndikulemba, koma tsiku limenelo ndi lomwe ndinamva chomwe ankalira.

Mayi Phiri ndi amene anandiuza ali pakhomo, manja ali thovu, kuti ana anawatenga azakhali awo aNyagondwe kupita nawo ku Rumphi, poti mayi wawo wakana kubwera. Ndisanafunse kuti ndakana liti, a Gondwe anatulukira kuchokera kusukulu, choko chili pa malaya, ataonda ngati adwala. Anaima pakhomo n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Mukudziwa chomwe ananena? Afunseni, si awo akuphethira apowo.

"Mwaiwala chiyani?"

Ndinakuwa, ndinafunsa, ndinalira. Iwo anangoti nkhaniyi ili kale m'manja mwa ankhoswe, sangaiyankhule paokha. Aphunzitsi a masamu, akayamba njira imodzi sadumpha sitepe. Ndinakagona kwa msuweni wanga ku Biwi, ndikufufuza m'mutu chomwe ndinalakwa osachipeza.

Lamlungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, bwalo linakhala pabalaza pano, pomwe pali wailesi yakanemayo. Kumbali kwanga kunabwera malume anga a Chikuse ochokera ku Dowa, mlimi wa fodya, chipewa pa bondo. Kumbali kwa a Gondwe kunabwera bambo awo aakulu ochokera ku Rumphi, ahedi opuma pantchito, atavala suti ndi tayi kunja kukuotcha. Panalinso aNyagondwe, atamanga chitenje molimba ngati akupita kukamenyana.

Sanayambe ndi kundifunsa ine. Anayamba ndi ana.

"Ife tinapereka lobola," anatero a Gondwe aakulu. "Mayi akachoka, ana amatsala kwa bambo wawo. Pamenepa palibe nkhani."

"Lobola iti?" anatero malume. "Kwathu sitigulitsa anthu. Ana ndi mbumba yanga."

"Nanga ng'ombe ija munalandira?"

"Imeneyo inali ya zikomo. Ndiponso inafa chaka chomwecho, inali yodwaladwala."

"Inachoka kwathu ili yonenepa!"

Anakangana za ng'ombe yakufa ija mpaka tiyi anazizira. Ine ndinakhala pa mkeka ndikuona funso la pulofesa lija likuyankhidwa m'nyumba mwanga momwe, ana ake ali anga. Ndinayesa kulowererapo. Ndinati, "Pepani akuluakulu, malamulo awiri akagundana chonchi, kumene ndachokeraku amati choyamba tione ubwino wa ana."

Malume sananditembenukire n'komwe. "Iwe Nabanda, khala chete. Pano si mu ndege."

Kenako anaitana mboni. ANyagondwe anakonza pakhosi.

"Ine sindinamve kwa munthu, ndinamva ndi khutu langali. Achimwene anafunsa bwinobwino, simubwera? Awa anati inde. Anafunsanso kachiwiri, anati eee, inde. Ndipo anaseka! Mayi wa pabulo aliko, kamufunseni."

Ana inu, apa m'pamene ndinazindikira chomwe ndinalakwa. Ndinaona mtsinje uja ukupitanso, koma ulendo uno munali ana anga. Ndinaimirira osapempha chilolezo n'kuyamba kufotokoza za tchizi, za nsomba yaiwisi, za dziko la Kumunsi, za mtsikana wonditsina. Ndikuyankhula ndinkadzimva ndekha kuti zikumveka ngati za munthu wobalalika mutu. Malume anandiyang'ana mwachisoni.

"Nabanda, mwana wa mlongo wanga, tandiuza zoona. Kumeneko sunapenge?"

Ndikati inde, ndi inde wa kuti? Ndikati ayi, nanga? Ndinangoima kukamwa kuli yasa.

"Mwaona," anatero aNyagondwe.

Amene anandipulumutsa anali munthu yemwe sindinkamuyembekezera. A Gondwe aakulu anayamba kugwedezeka mapewa ndi kuseka, kenako anatulutsa kansalu n'kupukuta maso.

"Enya, enya, ndamudziwa yesi ameneyu," anatero. "Moyo wanga wonse ndakwapula ana asukulu kuti aleke kuyankha Chingerezi mwa Chitumbuka. Koma woyankha Chichewa mwa Chingerezi ndiye ndamuona lero. Nyabanda, maphunziro anakulowani zedi."

Malume, pofuna kuti asaoneke otsalira, anasekanso, ngakhale ndikukayika ngati anamva. ANyagondwe anati iwo za Chingerezi sakuzidziwa, chomwe anamva ndi inde. Koma mphepo inali itasintha, ndipo akuluakulu anagwirizana kuti panalibe mlandu, ana abwerere. Za ng'ombe anati adzakambirana tsiku lina, ndipo onse awiri anamwalira asanakambirane.

Mwina mukuganiza kuti ndinasangalala. Ayi ndithu, m'pamene mkwiyo unabwera. Ndinatembenukira kwa agogo anuwo, omwe nthawi yonseyi ankangoyang'ana nsapato zawo.

"Bambo a Wongani, zaka zonsezi ndakhala nanu, ndakuberekerani ana, ndakuchapirani makolala a choko. Mawu amodzi okha a pa foni yolira ngati njuchi, inu basi kulongedza zovala zanga? Osadikira n'komwe tsiku la ndege? Munandiyesa munthu wotani?"

Anayankhula osadzutsa mutu, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akunena mawu ambiri chonchi kunja kwa guwa.

"Sindinakhulupirire chifukwa cha mlongo wangayu. Ndinakhulupirira chifukwa ndakhala ndikuyembekezera. Chikwatirireni inu, ndimaona m'mene mumayankhulira, m'mene anthu amaimirira mukamalowa m'khoti. Ine ndine wa choko. Ndinkadziwa kuti tsiku lina mudzapita kwina n'kukaona kukula kwanu, ndipo mukadzatembenuka mudzandiona kuchepa. Mutati inde, ndinangoti tsiku lija lafika. Zovalazo ndinazipinda ndekha, sindinalole munthu kuzigwira."

Ndinkakhala ndi munthu m'nyumba imodzi, ndikudziwa kuchuluka kwa shuga amene amathira mu tiyi, osadziwa kuti wasenza mantha otere. Chisoni chinandigwira, ndipo mkwiyo wonse unasungunuka.

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Ndipo anthu amenewa, pa mafunso onse a padziko lapansi, anasankha kufunsa chonchi:

"Ndiye simudzandisiya?"

Malume anaweramira kutsogolo, a Gondwe aakulu anagwira tayi, aNyagondwe anatchera khutu lawo lija. Aliyense ankadikira kuti amve ngati nditulutse inde kapena ayi, ndipo wa dziko liti. Ine onse awiri ndinawasiya pomwepo.

"A Gondwe," ndinatero, "ndabwera, ndipo ndinkabwera. Ndikhala nanu mpaka mmodzi adzaike mnzake m'manda. Kumene ndinapitako ndaona amuna a mitundu yonse, aatali ndi ofiira, ndipo ndinkangowerenga masiku kuti ndidzaone wa choko wanga. Ndimakukondani."

Inu lero mawu amenewa mumatumizirana m'mafoni ngati moni, mpaka kwa munthu amene mwakumana naye dzulo mu minibasi. Nthawi yathu sankanenedwa masana, ndipo pamaso pa malume ndiye kunali kulaula. Malume anayamba kufunafuna chipewa chomwe chinali pa bondo pawo. ANyagondwe anati akukaona ngati madzi awira. A Gondwe aakulu anatsokomola n'kuti, "Tiyeni tipemphere."

Pemphero linali lalitali, la Chitumbuka, lodutsa ku Yeriko ndi ku Kana. Pakati pake ndinamva dzanja likufufuza m'mphepete mwa chitenje changa mpaka linapeza chala changa chaching'ono n'kuchigwira. Ndinasuzumira ndi diso limodzi. Agogo anuwa maso anali otseka zolimba, nkhope yoongoka ngati mkulu wa mpingo weniweni, ndipo sanachisiye chalacho mpaka pa ameni.

M'mawa mwake tinakwera basi ya kumpoto, mpando umodzi, kukatenga ana athu.